Nkhuku Zafewa Magetsi Atazima: Ndiphike Kapena Nditaye?

Mayi wina wa ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe wafunsa motere: "Malipiro akatuluka ndimagula nkhuku zoyera zososola kale, zinayi kapena zisanu, n'kuziika mufiriza kuti zitifikitse mwezi wina. Sabata yatha magetsi anazima usiku n'kudzayaka madzulo a tsiku lotsatira. Nditatsegula ndinapeza zapamwamba zafewa, m'majumbo muli madzi ofiirira, koma sizinkanunkha. Apongozi anga anati nditsuke imodzi ndi mandimu n'kuiphika kwambiri, zinazo ndibwezere mufiriza. Patapita masiku atatu mwana wanga wa zaka ziwiri anatsegula m'mimba. Kodi ndi nkhukuyo? Nanga zotsalazo nditani nazo?"

Mayi, pepani ndi matendawo. Tiyambe ndi mwana, za nkhuku zibwera pambuyo. Ngati akutsegulabe m'mimba, muzimumwetsa Thanzi ORS pafupipafupi, pang'onopang'ono, ndi kapu kapena supuni, ndipo musamumane chakudya. Ngati akuyamwa, ayamwe. Kuchipatala amaperekanso mapiritsi a zinki oti mwana amwe masiku 10 mpaka 14, ndipo amalize ndithu ngakhale m'mimba mutaleka. Koma mukaona magazi m'chimbudzi chake, kapena akusanza chilichonse chimene wamwa, maso alowa m'kati, thupi latentha, kapena wafooka moti sakufuna ngakhale kumwa, musadikire kuti kuche, thamangani naye. Chimbudzi chamadzi okhaokha, choyera ngati madzi otsukira mpunga, n'chofunika changu choposa. Mliri wa kolera wa mu 2022 ndi 2023 unationetsa mmene munthu amathera madzi m'maola ochepa. Ndikupempheninso kuti musamugulire Flagyl kapena Bactrim pagolosale. Mankhwala amenewa apereke ndi adokotala atamuona.

Kodi ndi nkhuku yamudwalitsa? Chotsimikizira n'kuyezetsa chimbudzi chake, poti ana a msinkhu umenewu amatsegula m'mimba pa zifukwa zambiri: madzi akumwa, dothi limene watola pabwalo n'kuika m'kamwa, ngakhale malungo. Komabe masiku atatu mwatchulawo sindikuwatenga mopepuka. Nkhuku yaiwisi imanyamula tizilombo tiwiri todziwika kwambiri pa nkhani ya matenda a m'mimba, Campylobacter ndi Salmonella. Timakhala m'matumbo a nkhuku yamoyo, yonenepa, yooneka yathanzi bwinobwino, ndipo timafika pakhungu ndi panyama nthawi yososola ndi yotumbula. Salmonella amaonekera pakapita maola 6 mpaka masiku 6 munthu atadya. Campylobacter amachedwerapo, kawirikawiri masiku 2 mpaka 5. N'chifukwa chake anthu amanamizira chimene adya dzulo madzulo, pomwe mwini mlandu ndi ndiwo za Lamlungu lapita.

Tizilombo tiwiriti sitifika kwa munthu mofanana. Salmonella amaswana nyama ikakhala pofunda. Pakati pa madigiri 5 ndi 60 ndiye pamene tizilombo ta m'zakudya timakula, ndipo pa kutentha kwa m'nyumba zathu za malata mu Okutobala, kachilombo kamodzi kangagawike pawiri mphindi 20 zilizonse. Werengani nokha: ola limodzi likatha tafika 8, maola anayi tapitirira 4,000, maola asanu ndi awiri tadutsa 2 miliyoni. Campylobacter saswana panyama ili patebulo, koma sasowanso kuchuluka. Mazana ochepa chabe, okwana m'kadontho kamodzi ka madzi a nkhuku yaiwisi, amagoneka munthu wamkulu. Ndiye mafunso ndi awiri nthawi zonse: nyamayo yakhala pofunda nthawi yaitali bwanji, ndipo madzi ake adonthera pati. Nkhuku munaphikayo mwina inapsa bwino, tizilombo tonse n'kufera mumphika, koma mwana n'kudwala chifukwa cha tomato wa saladi amene anadulidwa ndi mpeni womwewo, kapena nthochi imene munamusendera musanasambe m'manja ndi sopo.

Mwati sizinkanunkha. Apa m'pamene anthu ambiri amapusitsika. Fungo, kuterera ndi kubiriwira zimabwera ndi tizilombo tina toolesa nyama, ndipo timeneto timachenjeza. Todwalitsa tija tilibe fungo, tilibe mtundu, sitisintha kakomedwe ka ndiwo. Nkhuku yonunkha ndi yotaya, palibe zokambirana. Yosanunkha siinakuuzeni kanthu.

Tsopano zotsalazo. Chimene chimaweruza ndi mmene zinalili pa nthawi imene magetsi ankayaka, osati mmene zikuonekera lero zitaumanso gwa. Zapansi zimene zinali zolimbabe ndi ayezi zilibe vuto, zisungeni. Zimene zinafewa kunja koma m'mimba mwake munali ayezi, kapena zinali zozizira molasa zala, n'zodyeka. Kuumitsanso kwaziwonongera kukoma chabe, zidzakhala zouma pang'ono mukaphika. Zimenezo zidyeni msanga, zikhale zoyamba. Koma ngati zapamwambazo zinali zofewa mpaka m'kati, zosazizira, madzi ake akuyenderera, kapena simukukumbukira bwino mmene zinalili, tayani. Lamulo lake ndi lakuti nyama yaiwisi ikakhala kupitirira maola awiri pamwamba pa madigiri 5, yatha ntchito, ndipo kuiumitsanso sikupha tizilombo timene taswanamo, kumangotigoneka mpaka tsiku losungunula. Ndikudziwa mtengo wa nkhuku masiku ano, ndipo sindikulankhula izi mopepuka. Koma m'nyumba muli mwana wa zaka ziwiri amene wangodwala kumene. Ana osakwana zaka zisanu, amayi oyembekezera, okalamba ndi anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, monga ena amene ali ndi HIV, ndi amene Salmonella amawalowa mpaka m'magazi. Pomaliza pa mfundo imeneyi: potaya, kumbani dzenje lakuya mukwirire. Musapatse mtsikana wantchito kapena alonda kuti akadyere kwawo. Nawonso ali ndi ana.

Mwina mukuti, bwanji osangoiphika nthawi yaitali monga ananenera apongozi? Moto umapha Salmonella ndi Campylobacter, zimenezo n'zoona. Koma pali tizilombo tina, monga Staphylococcus aureus amene amakhala pakhungu ndi m'mphuno mwathu, timene tikachulukana pachakudya timasiya poizoni amene kuwira kwa mumphika sikumuwononga. Komanso nkhuku yodzaza tizilombo imadetsa manja, mpeni, beseni ndi tebulo isanafike n'komwe pamoto. Apongozi anu sanalankhule zopanda nzeru ayi. Nzeru zawo zinakulira pa nkhuku yachikuda: kuigwira pabwalo, kuizinga, kusosola, ola lisanathe ili pamoto, ndipo poti ndi yolimba imawira nthawi yaitali. Nkhuku yotero ilibe mpata woswanitsa tizilombo. Nkhuku yoyera imene inaphedwa masiku ambiri apitawo, yayenda pagalimoto, yagona mufiriza ya sitolo kenako yanu, n'kusungunuka usana wonse, ndi nkhani ina. Mandimu ndi viniga amachotsa kafungo ndi kuterera, koma sapha tizilombo mokwanira kuti muwadalire. Ndinganene kuti amachotsa chenjezo n'kusiya vuto.

Za kutsuka ndikufuna ndikhalepo pang'ono, chifukwa ndi pamene m'makhitchini mwathu mumalowera matenda ambiri. Ku Britain ndi ku America, mabungwe a boma oona za chakudya amalangiza kuti nkhuku yaiwisi isatsukidwe n'komwe. Chifukwa chake n'chakuti madzi a pampopi akamagunda nyama amathovukira mbali zonse, mpaka masentimita 50, ndipo madonthowo amagwera pa mbale, makapu, masamba ndi zovala. Madzi sachotsa tizilombo pankhuku, amangotimwaza. Kwa nkhuku ya m'pepala yochokera kufakitale, malangizo amenewa ndi oona kunonso: tsegulani pepala, dulani, ikani mupoto. Ngati pali kanthenga kotsalira kapena magazi oundana, chotsani ndi mpeni. Koma nkhuku imene mwazinga nokha pakhomo simungaphike osatsuka, ili ndi magazi, nthenga, mwaye wa powawula, mwinanso chitosi. Ndipo ndikudziwa kuti amayi ambiri, ngakhale nditanena bwanji, nkhuku yosatsuka sangaiike pamoto. Ndiye ngati mutsuka, tsukani chonchi: m'beseni lake lokha, panja, kutali ndi thandala la mbale ndi ndowa ya madzi akumwa, moviika ndi kutembenuza pang'onopang'ono, osati pansi pa mpopi wothamanga. Madziwo kathireni m'dzenje la zinyalala kapena m'chimbudzi, osati kungowakhuthula pabwalo pamene mwana amakwawa, kapena m'dimba la mpiru ndi letesi kuseri kwa nyumba.

Taonani mmene zimachitikira tsiku wamba. Mayi akudula nkhuku pathabwa, mwana walira. Mayi apukuta manja pachitenje, amunyamula, amupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje chomwecho, amupatsa kachidutswa ka buledi kuti atonthole. Foni yalira, aigwira. Abwerera, atsukuluza mpeni m'madzi a m'beseni lija n'kuyamba kudula kabichi wa saladi. Nkhuku idzapsa bwino kwambiri madzulo amenewo, koma tizilombo tadutsa kale njira zinayi zimene sizidzaona moto. Mankhwala ake ndi dongosolo la ntchito basi. Yambani ndi zodya zosaphika, monga saladi ndi zipatso, muzivundikire n'kuziika patali, nkhuku ikhale yomalizira. Mukatha, sambani m'manja ndi sopo kwa masekondi 20, m'zikhadabo momwe, ndi madzi ochita kuthira kapena a pampondagiya, osati oviika m'beseni. Mpeni, thabwa ndi beseni zitsukeni ndi sopo, kenako muzithire madzi owira, kapena muziviike m'madzi a Jik wosanunkhira, supuni yaikulu imodzi m'malita anayi a madzi, n'kuziyanika padzuwa. Jik ameneyu ndi wa ziwiya zokha, asakhudze nyama. Ngati mungathe, khalani ndi mathabwa awiri, lina la nyama lina la masamba. Thabwa lamatabwa lokumbikakumbika ndi mpeni, la mizere yakuda, lipumitseni. Kansanza kopukutira patebulo kamene kamakhala konyowa sabata yonse, kaphitseni kapena katayeni.

Tibwerere ku kagulidwe kanu. Kugula nkhuku zisanu nthawi imodzi kumapulumutsa ndalama magetsi akakhala odalirika. Koma tonse tikukumbukira 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa maola ambiri patsiku kunatenga miyezi. Ngakhale popanda namondwe, thiransifoma ya m'dera imapsa, mayunitsi amatha usiku. Maganizo anga ndi akuti mugule zimene firiza yanu ingateteze tsiku lathunthu lopanda magetsi, osapitirira apo. Kwa mabanja ambiri a m'tauni ndiye kuti ziwiri pa nthawi, n'kudzagulanso pakati pa mwezi. Ndalama ya nkhuku zinazo isungeni pa Airtel Money kapena Mpamba. Kapena gwirizanani ndi woweta wa m'dera lanu, mulipiretu, muzikatenga yamoyo imodziimodzi tsiku limene mukufuna kuphika. Nkhuku yamoyo siisowa magetsi.

Pogula youmitsa kale m'sitolo, kumbukirani kuti magetsi amazimanso kusitoloko. Itengeni m'manja muidinikize: ikhale yolimba ponseponse, m'mapiko momwe. Yang'anani m'pepala. Ayezi wofiirira woundana kumbali imodzi kapena pansi pa pepala ndi umboni wakuti nkhukuyo inasungunukapo, madzi ake n'kutsika, kenako n'kuumanso. Zidutswa zomatana n'kukhala chibuma chimodzi zimanena zomwezo. Pepala long'ambika, lisiyeni. Onani tsiku lothera ntchito ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, ndipo sikulakwa kufunsa ngati ali ndi jenereta. Nkhuku ikhale chomalizira kugula, ilowe m'jumbo yakeyake, osati pamodzi ndi buledi ndi tomato. Kuchokera pamenepo muli ndi maola awiri kuti ifike pozizira kapena pamoto, ndipo kukatentha kupitirira madigiri 32, monga zimakhalira ku Nsanje, Chikwawa, Salima ndi Karonga m'chilimwe, ndi ola limodzi lokha. Kudikira minibasi kuti idzaze kumawerengedwa momwemo.

Zososola kale za pabenchi mumsika, zimene zakhala padzuwa kuyambira m'mawa, wogulitsa akuingitsa ntchentche ndi kanthambi ndi kuwaza madzi kuti zioneke zatsopano, ine sindikulangizani kugula. Kuli bwino musankhe yamoyo akupheereni mukuona. Ndipo poyembekezapo suzumirani m'mgolo umene akuviikamo ndi m'ndowa yotsukira: ngati madzi ake ndi akuda, a nthenga ndi chitosi cha nkhuku zonse za tsikulo, tengani yanu yamoyo mukazingire kunyumba. Zipalapasiro, makosi, mitu, nthutumba ndi ziwindi zimawonongeka msanga kuposa nyama. Muziphike tsiku lomwelo. Chiwindi chipse mpaka m'kati, chifukwa Campylobacter amapezeka m'kati mwake, osati kunja kokha.

Yamoyo yabwino imaoneka ndi maso: ndi yochangamuka, maso ali gwa, nthenga zosalala, kumbuyo kwake kouma. Yowodzera, mapiko ali lende, khosi lopindika, yopuma movutikira, ya chitosi chobiriwira chomatirira kumbuyo, isiyeni ngakhale mtengo utatsika chotani. Nyengo yotentha chitopa chikalowa m'mudzi, anthu amathamangira kugulitsa zisanafe, ndipo nkhuku zotchipa modabwitsa zimachuluka m'misika. Chitopa pachokha sichidwalitsa munthu kwenikweni, kupatula kufiiritsa maso, koma ndi maso simungachisiyanitse ndi matenda ena monga chimfine cha mbalame, chimene chinapha ndi kuphetsa nkhuku mamiliyoni ku South Africa mu 2023. Kuwonjezera apo mudzatengera matendawo ku khola lanu. Nkhuku yofa yokha siidyedwa, ikwirireni. Kwa woweta zoyera, funsani ngati zamwa mankhwala posachedwa. Mankhwala alionse a ziweto amalembedwa masiku oyenera kudikira nkhuku isanaphedwe, ndipo zotsalira zake m'nyama sizitha zonse ndi kuphika.

Mukafuna kuzinga nokha, ichotsereni chakudya maola 8 mpaka 12, madzi okha izimwa, kuti matumbo asakhale odzaza. Potumbula chekani mosazamitsa mpeni, mutulutse matumbo, ndulu ndi chithokomiro zosaphulika. Chitosi chikatayikira panyama, dulani pamenepo kapena tsukani nthawi yomweyo ndi madzi oyera. Nthutumba ing'ambeni pomalizira, pambali. Matumbo amene ana amakonda kukulunga pakamtengo n'kuotcha, ayambe atsukidwa bwino n'kuwiritsidwa, ndipo mwana wamng'ono ngati wanuyo asapatsidwe.

Mufiriji wamba, pamene payenera kuzizira madigiri 5 kapena kutsika, nkhuku yaiwisi imakhala tsiku limodzi kapena awiri basi. Ikhale m'mbale yovundikira, pashelefu ya pansi penipeni, kuti madzi ake asadonthere pa mkaka, zipatso kapena ndiwo zophika kale. Mufiriza yozizira madigiri 18 pansi pa ziro, yathunthu ingakhale mpaka chaka, zidutswa miyezi 9, zam'kati miyezi 3 kapena 4, koma masiku amenewa ndi a firiza imene sinazimepo. Kwathu kuno ndi bwino kuimaliza mwezi womwewo.

Pali zinthu zingapo zimene zimathandiza firiza kupirira magetsi akazima. Yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48. Yodzaza theka, maola 24. Firiji wamba, maola anayi okha. Kachipinda ka ayezi ka pamwamba pa firiji yaing'ono musakayembekezere kufika pa maola a firiza yeniyeni. Ndiye malo onse opanda kanthu adzazeni ndi mabotolo a madzi, osadzaza mpaka kukamwa kuti asaphulike, aume pamodzi ndi nyama. Nkhuku ikhale pansi, mabotolo pamwamba ndi m'mbali, poti pamwamba ndi pamene pamayamba kusungunuka, monga mwaonera nokha. Magetsi akazima musatsegule kuti muone ngati zikadali bwino, ndipo ana auzeni kuti madzi ozizira palibe lero. Mungaifunditse bulangeti, koma mulichotse magetsi akayaka kuti injini ipume. Iduleni nkhuku musanaumitse, muike m'timapepala ta mlingo wa chakudya chimodzi, mulembe tsiku, kuti musamasungunule yonse pofuna ntchafu ziwiri. Ndipo poti magetsi amatha kuzima ndi kuyaka inu muli kuntchito kapena kumudzi, umitsani madzi m'kapu, muike kandalama kachitsulo pamwamba pa ayeziyo, muisiye pamwamba pa nyama. Mukadzapeza kandalamako kali pansi pa kapu, dziwani kuti m'firizamo munasungunuka kwambiri ngakhale zonse zikuoneka zouma. Si muyeso wangwiro. Kachipangizo koyezera kuzizira koika m'firiza n'kabwino kuposa apo mukakapeza. Mukaona kuti tsiku latha magetsi osabwera ndipo nyama yayamba kufewa ikadali yozizira, musadikire. Yatsani mbaula muphike, muitane abale ndi anansi mudye. Kugawa nkhuku yabwino lero kuli bwino kuposa kukwirira yowonongeka mawa.

Kusungunula nakonso kumadwalitsa ambiri. Chizolowezi chotulutsa nkhuku m'mawa, kuisiya m'beseni pasinki kapena padzuwa mpaka madzulo, chimapatsa khungu lake maola ambiri ofunda m'kati mukadali ayezi. Njira yabwino n'kuitsitsira mufiriji dzulo lake, m'mbale. Yathunthu imafuna pafupifupi tsiku. Mukafulumira, iikeni m'pepala losalowa madzi, muviike m'madzi ozizira, muzisintha madziwo mphindi 30 zilizonse, ikasungunuka ipite pamoto nthawi yomweyo. Madzi otentha ayi. Zidutswa za msuzi mungaziike mupoto zili zouma choncho, kungoti nthawi yophika ionjezereni ndi theka.

Nkhuku yapsa pamene m'kati mwa mnofu wokhuthala mwafika madigiri 75. Opanda choyezera, tengani ntchafu yaikulu kuposa zonse, muicheke mpaka pafupa: madzi otuluka akhale oyera, mnofu usakhale wofiirira kapena wonyezimira, nthunzi ituluke. Yachikuda yamsuzi sindidera nayo nkhawa, imakukakamizani yokha kuiwiritsa. Vuto lili pa yoyera, yofewa, imene imaoneka yakupsa msanga, makamaka yokazinga m'mafuta otentha kwambiri kapena yootcha pamakala oyaka: kunja yafiira bwino mpaka kuda, pafupa pali magazi. Iwiritseni kaye pang'ono musanakazinge kapena kuotcha, kapena chepetsani moto muipatse nthawi. Kanyenya ndi nkhuku ya pachiwaya n'chimodzimodzi: ituluke m'mafuta inu mukuona, muinyeme muone pafupa, ndipo isabwerere m'mbale imene munali yaiwisi. Chinthu chimodzi chisakusokonezeni: mafupa a nkhuku yoyera youmitsidwa amatha kuda, ndi mnofu wokhudzana nawo kuderako, ngakhale itapsa bwino. Ndi mtundu wochokera m'mafuta a m'mafupa a nkhuku yaing'ono, si uwisi.

Yotsala ikapsa ilowe mufiriji maola awiri asanathe, m'mbale zosazama kuti izizire msanga, ndipo idyedwe m'masiku atatu kapena anayi. Potenthetsa, msuzi uwire ndithu, osangofunditsa, ndipo tenthetsani yokwana kudya nthawi imeneyo. Kumene kulibe firiji, makolo athu anali ndi njira yawo: kuwiritsanso ndiwo usiku, kuvundikira, osazigwiranso ndi dzanja kapena chipande chodyera, m'mawa kuwiritsanso. Njira imeneyi imachepetsa ngozi ndithu, ndipo ndi yabwino kuposa kungosiya mphika pamafuwa. Koma siilowa m'malo mwa firiji. Ndiwo zotero zithe m'mawa womwewo, zisafike madzulo ena, ndipo mu Okutobala ndi Novembala mwana wamng'ono mumuphikire dzira kapena zina zatsopano. Kuwamba kumasunga nthawi yotalikirapo ngati zidutswa zili zopyapyala, zothira mchere, zouma mpaka m'kati, zosungidwa posafika ntchentche, ndipo nazonso ziphikidwe musanadye.

Kumene ndimada nako nkhawa kwambiri ndi kuukwati, kuchinkhoswe, kumaliro ndi pa Khirisimasi, kumene nkhuku zimaphikidwa m'miphika ikuluikulu mbandakucha koma anthu n'kudzadya cha m'ma 3 koloko masana. Pali kachilombo kotchedwa Clostridium perfringens kamene njere zake zimapirira kuwira. Mphika waukulu ukaphulidwa umazizira pang'onopang'ono, pakati pake n'kukhala pofunda maola ambiri, ndipo njerezo zimadzuka n'kuswana. Anthu amayamba kupotokola m'mimba usiku womwewo kapena m'mawa mwake, mudzi wonse n'kuyamba kulozana zala kuti wina wathira mankhwala m'chakudya. Mpunga nawo uli ndi kake, Bacillus cereus, kamene kamasiya poizoni wosanzitsa mpunga wophika ukakhalitsa pofunda, ndipo kuutenthetsanso sikumuchotsa. Mukapatsidwa udindo wa kukhitchini pa zochitika zotere, miphika ikhalebe pamakala, ikutuluka nthunzi, mpaka nthawi yogawa, kapena phikani m'magulu moyandikira nthawi yodya. Ogawa agwiritse ntchito zipande, osati manja, ndipo amene ali ndi chilonda pachala kapena akutsegula m'mimba apatsidwe ntchito ina.

Kamba wa paulendo ali m'gulu lomweli. Nkhuku yokazinga yotsekera m'kontena ikadali yotentha, n'kuikidwa m'chikwama pamiyendo m'basi, imachita thukuta n'kukhala pofunda ulendo wonse. Ikazingeni m'mawa wa ulendo, osati dzulo lake, iume bwino, ipite yopanda msuzi, ndipo musaisakanize ndi mpunga kapena saladi m'kontena imodzi. Ngati mukuchoka ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, idyeni musanapitirire Kasungu.